Mtunthama ndi Sukulu ya Kamuzu: Nkhani Yokambidwa kwa Aphunzitsi ndi Makolo ku Salima



Munandipempha kuti ndikambe za mbiri ya sukulu zogonera konko m'dziko muno. Nkhaniyo ndi yaitali, sitingaimalize dzuwa lisanalowe, choncho ndasankhapo sukulu imodzi yokha, ndiponso siili m'boma lathu lino. Ndikunena Kamuzu Academy ya ku Mtunthama, m'boma la Kasungu. Mukanyamuka pano kulowera kumpoto pa msewu wa m'mbali mwa nyanja, kudutsa kwa Khombedza ndi pa Benga mpaka ku Nkhotakota, kenaka n'kukhotera kumadzulo kudzera m'nkhalango ya nyama ya ku Nkhotakota, mumakwera mtunda, mphepo n'kuyamba kuzizira, minda ya mpunga n'kusanduka ya fodya, ndipo musanafike pa boma la Kasungu mwafika ku Mtunthama.

Ife a ku Salima tikhoza kumvetsa mbiri ya kumeneko msanga kuposa anthu ena, chifukwa nayonso tauni yathu ino sinamere yokha. Njanji yochokera ku Blantyre inafika kuno mu 1935 n'kuthera pompano. Fodya wa ku Lilongwe ndi ku Dowa ankatsika ndi malole kudzakwera sitima, thonje la m'chigwa chino linkapakiridwa pano, amwenye anamanga masitolo, anthu ofuna ntchito anabwera n'kukhazikika. Mu 1979 njanji inapitirira mpaka ku Lilongwe, ndipo katundu amene kale ankagona kuno anayamba kungodutsa. Tikudziwa tsono mmene zimakhalira pamene moyo wa malo wadalira chinthu chimodzi chomwe anaganiza ndi anthu a kutali. Ku Mtunthama chinthucho sichinali njanji koma sukulu, ndipo woganizayo anali munthu mmodzi.

Tiyambe ndi sukulu yoyamba ya kumeneko, imene anthu ambiri amangoitchula podutsa. Cha m'ma 1900 amishoni a ku Scotland a Livingstonia anafika ku Kasungu, ndipo Dr George Prentice anakhazikitsa mishoni ku Chilanga. Kuchokera pamenepo ankatumiza aphunzitsi achikuda m'midzi kukayambitsa timasukulu. Kasukulu kotere kanalibe zambiri: mthunzi wa mtengo kapena kachisakasa ka udzu, bolodi ngati lilipo, masileti ochepa, ana ena kumalemba ndi chala pa dothi. Mphunzitsi anali mnyamata wa m'dera lomwelo amene anaphunzirako makalasi angapo, malipiro ake ochepa kwambiri, ndipo Lamulungu ndiye ankatsogoleranso mapemphero. Ankaphunzitsa kuwerenga, kulemba, masamu ndi Mawu a Mulungu, zonsezo m'chinenero cha ana omwewo. Ku Mtunthama kasukuluko kanali pansi pa mtengo wa kachere, ndipo mmodzi wa ana amene anaphunzira a, e, i, o, u pamenepo anali Kamuzu Banda. Boma lake linkati anabadwa pa 14 May 1906, koma olemba mbiri ambiri amati anabadwa cha m'ma 1898. Amalume ake, a Hanock Msokera Phiri, anali mphunzitsi wophunzitsidwa ku Livingstonia, ndipo ndiwo anamukokera ku sukulu.

Timasukulu totere sitinali ta ku Kasungu kokha. Pamwamba pathu pomwepa, ku Mvera, Andrew Charles Murray ndi Theunis Vlok a mpingo wa Dutch Reformed anamanga mishoni mu 1889 m'dziko la Mfumu Chiwere, katundu wawo ankatsikira pa doko la Domira Bay n'kusenzedwa pamutu kukwera phiri. Ku Mvera komweko ndiye kunagwiridwa ntchito yaikulu yomasulira Buku Lopatulika, lomwe linatuluka mu 1922, William Murray akutsogolera koma atazunguliridwa ndi Amalawi odziwa chinenero chawo. M'dera lomwelo munabadwa Samuel Josia Nthara mu 1905, mphunzitsi amene analemba Nthondo ndi Mbiri ya Achewa. Ndikutchula anthu amenewa dala. Maphunziro m'chigawo chapakati anaimikidwa ndi mphunzitsi wa kumudzi wolankhula Chichewa, ndipo mfundo imeneyi muisunge chifukwa tiifuna kutsogoloku.

Kamuzu atachoka pa kachere anapita ku sukulu ya ku Chilanga. Mu 1915 analemba mayeso amene akanamutsegulira njira ya uphunzitsi ndi maphunziro apamwamba ku Livingstonia. Anali wamfupi, ndipo anakhala kumbuyo. Pofuna kuona bwino zolembedwa pa bolodi anaimirira, woyang'anira mayeso, mbusa Thomas Cullen Young, n'kuganiza kuti akuonera za mnzake, ndipo anamutulutsa. Inu aphunzitsi amene mumayang'anira mayeso a Sitandade 8, nkhani imeneyi muziikumbukira mukamanyamula cholembera chofiira. Mnyamatayo sanapirire manyazi. Anauyamba ulendo wapansi mpaka ku Hartley ku Southern Rhodesia, komwe lero ndi ku Chegutu, kumene anagwira ntchito m'chipatala. Anapitirira ku South Africa, kumigodi, ndipo ali ku Johannesburg anamva mphunzitsi wotchuka wa ku Ghana, James Aggrey, akulankhula. Mu 1925 mpingo wa African Methodist Episcopal unamuthandiza kupita ku America. Anaphunzira ku Wilberforce ku Ohio, ku yunivesite ya Chicago, ndi ku Meharry Medical College komwe anatsiriza udokotala mu 1937, kenaka n'kuwolokera ku Edinburgh.

Pa ulendo wonsewo Chichewa sanachitaye. Ali ku Chicago anakhala nthawi yaitali ndi katswiri wa zinenero, Mark Hanna Watkins, kumufotokozera mmene Achewa amalankhulira, ndipo m'ntchito imeneyo munatuluka buku la malamulo a Chichewa lomwe linasindikizidwa mu 1937. Ku Edinburgh anakumananso ndi Cullen Young yemwe uja, amene panthawiyo anali atamasulira kale Nthondo m'Chingerezi. Wotulutsa ndi wotulutsidwa anagwirizana, n'kukonzera limodzi buku la Our African Way of Life la mu 1946, lomwe linasonkhanitsa zolemba za Amalawi zokhudza miyambo yawo. Atabwerera kumudzi pa 6 July 1958 n'kudzatenga boma, ndi chipani chake chomwe chinagamula mu 1968 kuti Chichewa chikhale chinenero cha fuko, ndipo mu 1972 kunakhazikitsidwa bungwe la Chichewa Board. Ambiri a inu mukukumbukira mmene ankadzudzulira anthu pa misonkhano chifukwa cholankhula Chichewa chopotoka, iye mwini akulankhula Chingerezi, a John Msonthi kapena a John Tembo akutanthauzira.

Dziko limene anadzalilamulira linali ndi njala ya sekondale. Blantyre Secondary School inatsegulidwa mu 1940, Zomba Catholic mu 1942, ya boma ya ku Dedza mu 1951. Zonsezi zinali zogonera konko, osati chifukwa cha kunyada ayi, koma chifukwa sukulu zikakhala zitatu m'dziko lonse mwana sangayendere kuchokera kwawo. Mwana wa ku Salima akasankhidwa ankanyamula sutikesi yachitsulo ndi bulangete n'kukwera sitima, makolo n'kudzamuonanso pa holide. Ufulu utabwera sukulu zinawonjezereka, boma lililonse linayamba kukhala ndi sekondale yakeyake, komabe mwa ana olemba mayeso a pulayimale osankhidwa anali ochepa zedi. Ena ankabwereza Sitandade 8 katatu kapena kanayi, ena kusintha maina, kudikira kuti mwina dzina lituluke.

M'dziko lotero ndi mmene Kamuzu anamanga sukulu yake, pafupi ndi kachere uja, n'kuitsegula pa 21 November 1981. Amene munafikako mukudziwa kuti maso amakana kukhulupirira. Mwayenda m'fumbi, m'minda ya fodya ndi zigafa zake, kenaka mwangoona chipata chachitsulo, msewu wowongoka, nyanja yokumba ndi manja, nsanja ya wotchi, makoma a njerwa zofiira okhala ndi makomo okhota ngati a ku Roma wakale. Nyumba ya mabuku anaimanga motengera Library of Congress ya ku Washington. Kuli holo yaikulu, tchalitchi, dziwe losambiramo, mabwalo a masewera, ngakhale bwalo la gofu. Ana ankavala yunifolomu yobiriwira ndi zipewa zaudzu zonga za ana a sukulu za olemera ku England, ankadyera mpeni ndi foloko, ankalemba mayeso a ku Britain, ndipo mwana aliyense ankayenera kuphunzira Chilatini ndi Chigiriki. Kamuzu ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti munthu wosadziwa zinenero ziwirizi ndi mbiri ya eni ake sanaphunzire mokwanira. Atolankhani akunja anaitcha Eton ya mu Africa, ndipo dzinalo linakakamira.

Tsopano ndinene chabwino chake, chifukwa chilipo ndipo n'chachikulu. Polowera pa chipata chimenecho sankafunsa kuti bambo ako ndani. Chaka chilichonse ankatenga ana awiri atatu okhoza kwambiri, anyamata ndi atsikana, kuchokera m'boma lililonse mwa maboma 24 a nthawi imeneyo, ndipo kholo silinkalipira kanthu. Zovala, mabuku, chakudya, zonse zinali za sukulu. Taganizani tanthauzo la zimenezi kwa boma ngati lathu lino. Kuno kunyanja sukulu inachedwa kuzika mizu. M'midzi yambiri ya Asilamu, kwa Maganga, kwa Pemba, kwa Bibi Kuluunda, makolo akale ankaopa kuti sukulu ya mishoni iwabatizira ana, choncho ankawatumiza ku madrasa kokha, ndipo mantha awowo sanali opanda pake. Kwinaku nyanja inkaitana mnyamata aliyense wofuna ndalama yamsanga. Pakanakhala mpikisano wa dziko lonse popanda kuyang'ana maboma, malo onse akanatengedwa ndi ana a m'matauni ndi a m'madera momwe mishoni inakhazikika kale. Koma Salima inali ndi malo ake, Nsanje inali ndi ake, Chitipa inali ndi ake. Mwana wa msodzi ankatha kukhala pa desiki limodzi ndi mwana wa nduna, ndipo akakhoza ankatumizidwa ku mayunivesite akunja. Zimenezi zinachitikadi, ndipo aliyense wonyoza sukuluyi ayambe wavomereza.

Koma chipata chomwecho chinali chotsekera anthu ena, ndipo apa ndi pamene ine mtima umandiwawa. Kamuzu analamula kuti Mmalawi asaphunzitse pa sukuluyi. Aphunzitsi onse anali azungu, ambiri a ku Britain, odziwa Chilatini ngakhale phunziro lawo likhale lina. Mmalawi ankaloledwa kuphika, kuchapa, kutchetcha kapinga, kulondera pa chipata ndi kugwira ntchito za mu ofesi, koma osati kugwira choko. Ndipo Chichewa, chinenero cha fuko chimene mwini sukulu anachikweza yekha, sichinkaphunzitsidwa, ndipo ana ankayenera kulankhula Chingerezi. Ndiye taonani: munthu wamanga chikumbutso cha kasukulu ka pansi pa kachere, koma mphunzitsi wa pansi pa kachereyo akanadzuka kumanda sakanaloledwa kulowa m'kalasi. A Hanock Phiri sakanalembedwa ntchito. A Nthara, amene mabuku awo ankawerengedwa m'sukulu zina zonse, sakanalembedwa ntchito. Ana a ku yunivesite yathu ya Malawi, imene Kamuzu yemweyo anali mkulu wake ndipo ankawaveka yekha zipewa pa tsiku lomaliza maphunziro, sankayenera.

Sindikunyoza aphunzitsi achizunguwo. Akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo ambiri a iwo anagwira ntchito mokhulupirika, ana amene anawaphunzitsa amawakumbukira ndi chikondi mpaka lero. Sindikunyozanso Chilatini. Mwana wokhoza kumasula chiganizo cha Chilatini, n'kupeza mwininkhani ndi mneni pamene zabisala, waphunzira kuganiza mwadongosolo, ndipo palibe chifukwa choti mwana wa ku Chipoka asadziwe zimene mwana wa ku London amadziwa. Chimene ndikukana ndi ganizo loti kuti mwana akwere, ayenera kuona kuti aliyense wodziwa zinthu ndi wochokera kunja, ndipo aliyense wofanana ndi bambo ake ndi wonyamula mbale. Phunziro limenelo silinalembedwe pa ndandanda wa maphunziro, koma ana ankaliona tsiku lililonse kwa zaka zisanu ndi chimodzi.

Njira ina inalipo, ndipo Kamuzu ankaidziwa. Ku Ghana, kumene anakhala ku Kumasi kuyambira 1953 mpaka 1958, kuli sukulu ya Achimota imene inatsegulidwa mu 1927. Nayonso inali yogonera konko, yokongola, yodya ndalama zambiri za boma, yolinga kuphunzitsa atsogoleri. Koma wachiwiri kwa mkulu wake woyamba anali Aggrey yemwe uja anamusangalatsa ku Johannesburg, aphunzitsi akuda ndi oyera ankagwira ntchito limodzi, ndipo ana ankaphunzira zinenero za kwawo monga Twi, Ga ndi Ewe, ndi ng'oma za makolo awo, pambali pa maphunziro a ku Ulaya. Kwame Nkrumah anaphunzira uphunzitsi kumeneko. Ngati atsamunda anatha kuchita zimenezo mu 1927, dziko lodzilamulira likanatha kuchita mu 1981.

Nanga ndalama zinkachokera kuti? Kamuzu ankati sukuluyi ndi mphatso yake kwa Amalawi, yochokera m'thumba mwake. Koma masiku amenewo thumba la Kamuzu ndi thumba la dziko zinasokedwa ndi ulusi umodzi. Chuma chake chinali mu kampani ya Press Holdings, ndipo Press inakula ndi ngongole zochokera ku mabanki ndi ku ADMARC. Phindu la ADMARC linkachokera kwa mlimi wamng'ono, amene ankakakamizidwa kugulitsa thonje, mtedza, mpunga ndi fodya wake kumeneko pa mtengo wotsika kuposa wa kunja. Ndiye ine ndimati mlimi wa thonje wa kwa Khombedza ndi mlimi wa mpunga wa ku Lifuwu anaikako njerwa zawo ku Mtunthama, ngakhale palibe anawauza. Pamene ana mazana ochepa ankasambira m'dziwe la sukuluyo, anzawo zikwizikwi ankaphunzira atakhala pansi, kalasi imodzi ana oposa zana, buku limodzi kugawana anthu asanu.

Chinthu chodalira munthu mmodzi chimagwedezeka munthuyo akagwedezeka. Pa 14 June 1993 Amalawi anasankha zipani zambiri, pa 17 May 1994 Kamuzu anagonja kwa a Bakili Muluzi, ndipo pa 25 November 1997 anamwalira ku Johannesburg. Boma latsopano linali ndi nkhawa zina. Linachotsa fizi ku pulayimale mu 1994, ana n'kuchuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo chuma cha Press chinachotsedwa m'manja mwa Kamuzu. Academy inatsala yokha. Aphunzitsi ambiri akunja ananyamuka, ndipo kuti sukulu isatsekedwe inayamba kulipiritsa. Apa zinthu zinatembenuka mutu pansi. Mphunzitsi wa Chimalawi analowa m'kalasi, ndipo zinaoneka kuti amatha, Chilatini chimene akuchiphunzitsa bwinobwino. Koma mwana wa msodzi uja anatsala kunja, malo ake n'kutengedwa ndi mwana wa yemwe angathe kulipira. M'nthawi ya a Bingu wa Mutharika boma linayambanso kulipirira ana ochepa osankhidwa m'maboma, ndipo ndi bwino kuti linatero, komabe unyinji wa ana a kumeneko lero ndi wa mabanja opeza bwino a ku Lilongwe, ku Blantyre ndi maiko oyandikana nafe.

Amene anaitcha Eton sankadziwa kuti akulosera. Eton yeniyeniyo, yomwe ili m'katauni kakang'ono pafupi ndi Windsor, inakhazikitsidwa mu 1440 ndi mfumu Henry VI kuti iphunzitse ulere anyamata osauka 70. Malo 70 amenewo alipobe, koma pakati pa anyamata pafupifupi 1,300, ndipo dziko lonse limaidziwa ngati sukulu ya ana a anthu olemera. Kusintha kumene ku England kunatenga zaka mazana, ku Mtunthama kunatenga zaka zosakwana makumi awiri.

Tisaiwale tauni, poti nkhani za sukulu zotchuka zimakonda kumeza malo amene sukuluzo zakhalapo. Mtunthama wa lero anakula chifukwa cha Academy. Omanga anabwera, ena sanabwerere. Ophika, alonda, oyendetsa galimoto, okonza mipope ndi magetsi anafuna nyumba, msika, chigayo, sukulu ya ana awo. Malipiro a pamwezi, m'dera limene ena onse amadikira ndalama ya fodya kamodzi pachaka, anasintha malonda a pamalopo. Magetsi ndi msewu zinafika msanga chifukwa cha sukuluyi. Komabe kwa zaka zambiri mwana wobadwira ku Mtunthama ankaona nsanja ya wotchi ija tsiku lililonse popita kotunga madzi, mwayi wake wolowamo uli chimodzimodzi ndi wa mwana wa ku Nsanje. Zimene zathandiza anthu wamba a pamalopo mwachindunji zinadza pambuyo, ndiponso kunja kwa mpanda: mpingo wa Anglican unamanga sukulu zake, malo osamalira ana amasiye, ndi chipatala cha St Andrew's chomwe chinayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 ndi thandizo la abwenzi a ku Britain. Lero mayi woyembekezera wa m'midzi yozungulira akamati akupita ku Mtunthama, nthawi zambiri akunena kuchipatalako.

Zipatso za Academy zilipo, ndipo zina sizimene mwini wake ankayembekezera. Mayi Catherine Gotani Hara, amene mu 2019 anakhala mayi woyamba kukhala Sipikala wa Nyumba ya Malamulo, anaphunzira kumeneko. Madokotala, maloya ndi akatswiri ambiri a zachuma anadutsa pamenepo, ena ali kuno, ambiri ali kunja, ndipo nkhani ya opita osabwerera ndi ina yofuna tsiku lakelake. Koma amene amandisangalatsa ine ndi Samson Kambalu, mmisiri wa zosemasema ndi zojambula amene amaphunzitsa ku yunivesite ya Oxford. Iye analemba za moyo wa pa sukuluyi m'buku lake la The Jive Talker. Mu September 2022 chosema chake chinaimikidwa pa Trafalgar Square, pakati penipeni pa London: John Chilembwe, wamkulu kuposa mnzake wachizungu John Chorley amene waima naye, chipewa chili kumutu, pokumbukira nthawi imene munthu wakuda sankaloledwa kuvala chipewa pamaso pa mzungu. Mwana wophunzitsidwa kuvala chipewa chaudzu cha ku England anakaimika chipewa cha Chilembwe pakhomo pa Angerezi. Maphunziro abwino amatero, sakhala pamene wawaika.

Pali mwana winanso wa dera lomwelo amene sanalowe pa chipata chija. William Kamkwamba anakulira m'mudzi wa Masitala, kwa Wimbe, kufupi ndi Mtunthama. Njala ya 2001 ndi 2002, imene kuno ku Salima tinaika nayo maliro ambiri, inakantha Kasungu koopsa. William anali atangoyamba Fomu 1 pa sekondale yoyendera ya Kachokolo, ndipo anasiya chifukwa makolo ake analephera kupeza fizi ya chaka, ndalama yokwana ngati madola 80 a ku America. Pa sukulu ya pulayimale ya Wimbe panali kalaibulale kakang'ono ka mabuku opatsidwa. Mmenemo anapeza buku la sayansi lotchedwa Using Energy, Chingerezi chake chinali chomuvuta, koma anatsatira zithunzi. Ndi mitengo ya bulugamu, njinga yakutha, dayinamo ndi mapaipi apulasitiki anamanga makina oyendera mphepo amene anayatsa magetsi m'nyumba ya makolo ake, ali ndi zaka 14. Mu 2006 akuluakulu a zamaphunziro anamupeza, mu 2007 anakalankhula ku Arusha, mu 2014 anatsiriza maphunziro ku Dartmouth College ku America, ndipo filimu ya moyo wake ya mu 2019 mbali yake yaikulu ili m'Chichewa. Nyumba ya mabuku yotengera ya ku Washington inali pamtunda woti munthu n'kupalasa njinga, koma mabuku amene anamupulumutsa anali a pa mashelefu ochepa a pa pulayimale.

Musandimve molakwa ngati ndikuti sukulu zabwino n'zosafunika poti mwana wanzeru adzadzipezera yekha njira. William ndi mmodzi, ndipo anzake amene anasiya naye sukulu chaka chimenecho palibe anawalembera buku. Chimene nkhani yake ikuonetsa n'chakuti nzeru zinali ponseponse kuzungulira mpanda uja, ndipo kusankha ana awiri atatu pa boma kunali kutola pang'ono pokha.

Ndibwere kwathu. Kuyambira mu 1998, pamene malo ophunzirira a MCDE anasandutsidwa ma CDSS, ana ambiri a sekondale m'dziko muno ali m'sukulu zoyendera. Osankhidwira ku sukulu zogonera monga Salima Secondary ndi Chipoka ndi ochepa. Otsalawo amayenda mitunda italiitali, ndipo amene kwawo ndi kutali kwambiri amachita zimene tonse timazitcha selefu: kubwereka kachipinda pafupi ndi sukulu, ana anayi kapena asanu, ufa wochokera kunyumba, ndiwo adzionera okha. Aphunzitsi aakulu muli panowa mukudziwa chimene chimachitika ufa ukatha pakati pa teremu, makamaka kwa mtsikana, m'dera limene asodzi ndi ogula usipa amagwira ndalama tsiku lililonse. Mukudziwa kuti ndi angati amene amalembetsa Fomu 1 ndi angati amene amafika pa mayeso a MSCE. Mwana wa selefu nayenso ali pa sukulu yogonera konko, kungoti yopanda matironi, yopanda belu la chakudya, yopanda nyale ya pulepu.

Tikachotsa nsanja, nyanja yokumba ndi bwalo la gofu, chimene Academy inapatsa mwana wosauka wa 1981 chinali bedi lakelake, chakudya katatu pa tsiku, nyale yowerengera usiku, mabuku okwanira, chitseko chokhoma, ndi mphunzitsi wolipidwa bwino amene sankathamangira ganyu akaweruka. Zinthu zimenezi mtengo wake ndi wodziwika, ndipo khonsolo ya boma lino, makomiti a sukulu, mipingo, mizikiti ndi eni mahotela a ku Senga Bay akhoza kuuwerengera pa pepala limodzi. Njerwa timaumba tokha, mchenga tili nawo wambiri, dzuwa la magetsi a sola ndiye losachita kunena. Chovuta si kumanga hositelo, poti mabungwe amakonda kumanga ndi kujambulitsa pa tsiku lotsegulira. Chovuta ndi chaka chachitatu, pamene pakufunika malipiro a matironi, matumba a chimanga a teremu yachiwiri, ndi munthu wokonza mjigo. Mafumu, inu ndi amene mumagawa malo ndi kuitanitsa anthu ku chitukuko. Funso la amene adzadyetse ana m'chaka chachitatucho muzilifunsa maziko asanakumbidwe, ndipo yankho lake lilembedwe, ndi dzina la woyankhayo.

A wapampando, ndaona manja akwezedwa kale kumbali ya aphunzitsi aakulu uko. Ndiime pamenepa kuti nawonso alankhule.